Drive C yafiira pomwe D ili pululu: mmene mungaphatikizire magawo a hard disk pa kompyuta yakale

Mwezi wathawu alamu anga anatulukira pakhomo ndi laputopu yokulunga m'chitenje. Ndi ija ya makedzana, ya Windows 7, yoti ukangoizula ku magetsi imathima pompo chifukwa batire linafa kalekale. "Alamu, makinawa akuti adzaza, chonsecho ine sindinaikemo kanthu," anatero. Nditatsegula Computer ndinapeza kamzere ka drive C kali psuu: pa 50 GB panatsala 900 MB yokha. Pambali pake panali drive D ya 248 GB, momwe munali nyimbo za kwaya, zithunzi za chinkhoswe ndi kanema wa ukwati basi, kwina konseko pululu.

Izi n'zofala. Amene amaika Windows m'mashopu amakonda kudula hard disk pawiri, ndipo ganizo lake si loipa: tsiku lina Windows ikavuta amafomata C yokha, katundu wa mu D n'kupulumuka. Chimalakwika ndi muyeso. 40 kapena 50 GB inali yambiri m'masiku a Windows XP, koma Windows 7 imanenepa ndi ma update, kuonjezapo Office, antivirus, ndi zonse zimene mwini wake amaponya pa Desktop ndi mu Downloads. Zimenezi zimakhala mu C momwemo, iye osadziwa. Kamzere kaja kamafiira malo otsala akachepera gawo limodzi mwa magawo khumi.

Musanagwire chilichonse, mvetsani ichi. Windows ilibe batani lokhuthulira D mu C monga timachitira ndi ufa wa m'matumba awiri. Zimene zimachitika zili ngati zipinda ziwiri zogundizana: mumatulutsa katundu yense wa m'chipinda chachiwiri, n'kugumula chipupa, chipinda choyamba n'kukula. Katundu amene mwamusiya mkati amapita pamodzi ndi chipupacho. Ndipo C imakulira mbali imodzi yokha, ya kumanja, m'malo ogundizana nayo.

Yambani mwasesa kaye

Nthawi zina kugumula chipupa sikufunika n'komwe. Dinani batani la Windows ndi R pamodzi, lembani cleanmgr, sankhani C, mulole Disk Cleanup ichotse zinyalala. Kenaka tsegulani cmd, zenera lakuda lolembamo malamulo, ndi Run as administrator n'kulemba powercfg -h off. Lamulo limeneli limachotsa fayilo yobisika ya hiberfil.sys, imene pa Windows 7 imadya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a RAM yanu. Ngati RAM ndi 4 GB, mwapeza pafupifupi 3 GB mwaulere. Mwataya Hibernate yokha, njira yothimitsira kompyuta osatseka zimene mumachita, yomwe ambiri saigwiritsa ntchito. Mukhozanso kusamutsa Downloads, Documents ndi Videos: lowani mu C, Users, dzina lanu, dinani kumanja pa fodayo, Properties, Location, Move, n'kuilozera ku D. Kwa anthu ambiri zimenezi zimakwanira. Kwa alamu anga sizinakwanire, malo otsala mu C anangofika pa 6 GB, ndiye tinapitirira.

Onani mapu a disiki yanu

Dinaninso Windows ndi R, lembani diskmgmt.msc. Patuluka Disk Management. Musathamangire mndandanda wa pamwamba. Maso anu akhale pa timabokosi ta m'munsi, chifukwa ndi timene timaonetsa kuti gawo liti lagundizana ndi liti. Jambulani sikiriniyo ndi foni. Chithunzicho mudzachifuna zinthu zikasokonekera.

Choyamba, C ndi D zili pa mzere umodzi? Ngati zonse zili pa Disk 0, ndi hard disk imodzi yodulidwa pawiri, ndipo zimene zikutsatirazi ndi zanu. Ngati C ili pa Disk 0 koma D pa Disk 1, muli ndi ma hard disk awiri enieni m'bokosimo, nkhani yake ili kumapeto.

Chachiwiri, yang'anani mtundu wa kamzere ka pamwamba pa bokosi lililonse. Buluu woderapo ndi primary partition. Buluu wowala wozunguliridwa ndi mpanda wobiriwira ndi logical drive yomwe ili mkati mwa extended partition. Wakuda ndi malo opanda mwini, Unallocated. Makompyuta akale amagwiritsa ntchito kagawidwe ka MBR, kamene kamalola magawo a primary anayi okha pa disiki imodzi. Pofuna kuzemba malirewo, gawo limodzi limasandutsidwa extended, mkati mwake n'kudulamo ma logical ambiri. N'chifukwa chake D ndi E pa makina akale kawirikawiri zimakhala mu mpanda wobiriwira uja.

Chachitatu, muona timagawo tina tapadera, nthawi zina topanda chilembo. Kumanzere kwa C pa Windows 7 kumakhala System Reserved ya 100 MB. Ndi kochepa, koma ndi kamene kamadzutsa Windows. Mukakafufuta kompyuta siyakanso. Palinso Recovery, ya 10 kapena 15 GB, imene opanga laputopu amasungamo Windows ya ku fakitale. Malaputopu ambiri a HP a nthawi ya Windows 7 ankabwera magawo anayi onse atatha kale: SYSTEM, C, Recovery ndi HP_TOOLS. Zonsezi zisiyeni.

Onaninso ngati pansi pa C palembedwa NTFS kapena FAT32, mitundu iwiri ya kasungidwe ka mafayilo. Windows imakuza gawo la NTFS lokha. Ndipo musadabwe kuona disiki yolembedwa 320 GB ikuonetsa 298 GB, kapena ya 500 GB ikuonetsa 465 GB. Palibe wakuberani. Opanga amawerengera ndi 1000, Windows imawerengera ndi 1024.

Disikiyo ili moyo?

Hard disk ya zaka khumi ili ngati galimoto yakale, imayenda bwinobwino m'tauni koma ulendo wautali umaulula matenda. Ikani khutu pa makinawo. Ngati mukumva "ke-ke-ke" wobwerezabwereza, kapena kompyuta imauma mukamakopera fayilo yayikulu, iwalani zophatikiza, pulumutsani katundu wanu n'kugula disiki ina. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga kaundula wa SMART amene disiki imadzisungira yokha; ikalemba Good pitirirani, ikalemba Caution kapena Bad imani. Kenaka mu cmd ya administrator lembani chkdsk C: /f. Ikuuzani kuti C ikugwira ntchito ndipo ifunsa ngati ingaunike poyatsanso. Lembani Y, yatsaninso, muisiye imalize.

Tulutsani katundu

Apa ndi pamene anthu amalirira, ndiye tichedwepo. Koperani zonse za mu D kupita ku external hard disk, fulashi yaikulu, kapena kompyuta ina. Musazikopere ku C, malo kulibe, komanso ndi disiki yomweyo imene mukufuna kuing'amba. Koperaninso zofunika za mu C: Desktop, Documents, Pictures, ndi mafayilo a pulogalamu iliyonse yosungira maakaunti. Inde, C sitikuifufuta, koma dzanja limaterereka.

Mukamaliza, dinani kumanja pa foda ya ku D, Properties, muone chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake, kenaka muchite chimodzimodzi pa imene mwakopera. Manambala afanane. Tsegulani zithunzi zingapo, nyimbo imodzi, kanema mmodzi, makamaka zimene zinalowa kumapeto. Pali mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB amene mkati mwake ndi ochepa kwambiri: amalandira chilichonse osadandaula, mayina a mafayilo n'kumaoneka, koma potsegula mulibe kanthu. Kanema wa ukwati wa alamu anga anali wa 6 GB ndipo anakana kulowa mu fulashi ya 32 GB yopanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti fulashiyo inali ya FAT32, imene silandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB. Tinaifomata kukhala NTFS, kanemayo n'kulowa.

Pali zinthu zitatu zomangirira ku D zimene kukopera sikumasula. Ngati mu D muli foda ya Program Files, ndiye kuti mapulogalamu ena anaikidwa kumeneko. Achotseni kudzera mu Control Panel tsopano, mudzawaikenso pambuyo, ndipo tsimikizani kuti setup yake muli nayo. Ngati munasamutsira Documents kapena Downloads ku D, zibwezeni ndi Restore Default pa tsamba la Location lija. Ndipo ngati pa bokosi la D mu Disk Management palembedwa Page File, fayilo imene Windows imathandizira nayo RAM, Windows ikana kuifufuta. Pitani pa Computer, Properties, Advanced system settings, pa Performance dinani Settings, Advanced, Change, sankhani D, No paging file, Set, n'kuyatsanso kompyuta.

Gumulani chipupa, kuzani C

Izi ndi za Windows Vista, 7, 8 ndi 10. Zulani fulashi ndi external zonse kuti musasokoneze ndi D. Mu Disk Management dinani kumanja pa bokosi la D, werenganinso chilembo ndi kukula kwake, sankhani Delete Volume, vomerani.

Ngati D inali primary, malowo asanduka akuda, Unallocated. Ngati inali logical, asanduka obiriwira n'kulembedwa Free space, ndipo apa ambiri amakakamira: amadina pa C, n'kupeza Extend Volume ili yotuwa, yosadinika. Katundu watuluka koma mpanda udakalipo. Dinani kumanja pa malo obiriwirawo, sankhani Delete Partition, asanduke akuda. Dziwani kuti mpandawo suchoka ngati mkati mwake mudakali drive ina. E ikakhala m'menemo, nayonso iyenera kukoperedwa ndi kufufutidwa.

Malo akuda akagundizana ndi C kumanja, dinani kumanja pa C, Extend Volume, Next. Pa bokosi lolembedwa Select the amount of space in MB pakhala kale nambala ya malo onse. Mukaisiya choncho n'kudina Next ndi Finish, C imeza zonse. Sizitenga ndi mphindi yomwe, ndipo sipafunika kuyatsanso.

Ine sindikonda kupereka zonse kwa C. Nzeru ya a m'mashopu ija idakagwirabe, makamaka pa makina amene Windows yake Microsoft inasiya kuisamalira: XP mu April 2014, Windows 7 pa 14 January 2020. Makina otere amagwidwa mavairasi pafupipafupi ndipo kufomata sikuchedwa kubwera. Kwa alamu anga ndinalemba 71680, kutanthauza 70 GB kuchulukitsa ndi 1024, C n'kufika pa 120 GB. Pa malo akuda otsalawo ndinadina kumanja, New Simple Volume, n'kupanga gawo latsopano la NTFS la 178 GB, n'kubwezeramo nyimbo ndi zithunzi zija. Ngati mukufunadi drive imodzi yokha, palibe choletsa, bola katundu wanu akhale ndi kope kwina.

Kuphatikiza D ndi E, osakhudza C, n'chimodzimodzi: koperani za mu E, ifufuteni, kuzani D. Koma Windows ikakufunsani kuti isandutse disiki kukhala dynamic, yankhani No. Funso limenelo limabwera pamene malo amene mwasankha sakugundizana ndi gawo lomwe mukukuza.

Extend Volume ikakhalabe yotuwa

Yang'ananinso mapu. Kawirikawiri pakati pa C ndi malo akuda pamakhala Recovery itakhala phee, kapena C ndi ya FAT32. Ya FAT32 njosavuta: mu cmd lembani convert C: /fs:ntfs, vomerani kuti ichite poyatsanso. Mafayilo sawonongeka, koma njira yobwerera ku FAT32 popanda kufomata palibe, ndipo ngati pa makinawo palinso Windows 98, imeneyo siwerenga NTFS.

Pa Windows XP, Extend Volume kulibiretu. Kuli diskpart, imene mumalemba list volume, select volume ndi nambala yake, kenaka extend, koma imakuza magawo a katundu okha, osati limene Windows ikukhalamo. Muli mu diskpart momwemo, liwu loti clean musalilembe mwamasewera: limafafaniza magawo onse a disiki yosankhidwa osafunsa kawiri. Chinanso cha XP: yopanda Service Pack 1, kapena BIOS (kapulogalamu koyamba kudzuka poyatsa makina) yakale kwambiri, siona kupitirira 137 GB. Musakuze C kudutsa pamenepo musanatsimikize kuti zonse ziwiri zikuona disiki yonse.

Pa XP, komanso pamene Recovery yatchinga njira, chida chake ndi GParted Live. Ndi yaulere, ndi ka Linux kakang'ono koyaka kuchokera pa fulashi kapena CD, ndiye imagwira disiki Windows ili mtulo. Tsitsani fayilo yake ya ISO, ndi ma MB mazana angapo ndiye konzani bandulo, muiike pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus. Makina a purosesa ya 32-bit amafuna mtundu wolembedwa i686, umene mumaupeza pa matulutsidwe akale. Poyatsa dinani batani la boot menu: F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, F9 pa HP. Makina ena akale kwambiri sayaka ndi fulashi, amafuna CD. Pa mafunso a kiyibodi ndi chilankhulo ingodinani Enter.

Mu GParted mulibe C kapena D. Muli /dev/sda1, /dev/sda2, motero. Zindikirani gawo ndi kukula kwake, poyerekeza ndi chithunzi cha pa foni chija. Kukuza C pamene malo opanda kanthu agundizana nayo n'kosavuta: dinani kumanja, Resize/Move, kokerani mphepete ya kumanja mpaka kumapeto. Mphepete ya kumanzere musaikhudze, chifukwa poyambira C pakasuntha Windows ikhoza kukana kuyaka mpaka muikonze ndi Startup Repair ya pa DVD. Ngati Recovery ili pakati, ikokereni yonse kumapeto kwa disiki kaye, malo opanda kanthu abwere pambali pa C. Musanatero wotchani ma recovery disc ndi pulogalamu ya opanga laputopuyo, popeza gawolo likasuntha batani lobwezeretsa Windows ya ku fakitale nthawi zina limaleka kugwira. Ubwino wa GParted ndi wakuti palibe chimene chimachitika mpaka mutadina Apply. Werengani mndandanda wa m'munsi kawiri musanadine.

GParted imathanso kuchepetsa D kuchokera kumanzere osaifufuta, C n'kutenga malowo. Zimakopa, chifukwa zikuoneka ngati mwazemba ntchito yokopera. Zoona zake n'zakuti imanyamula D yonse pang'onopang'ono kuisunthira kumanja, ndipo pa disiki yakale zimatenga maola. Ndinayesapo pa desktop ya mnzanga wina wojambula zithunzi za mapasipoti. Inali pa theka, cha m'ma 3 koloko masana, magetsi phethi. UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, panalibe. Atabwera usiku, D inali theka kuno theka uko, Windows ikuti ifomatidwe. Zambiri tinali titakopera, koma foda ya zithunzi za sabata imeneyo inapita, ndipo mnzangayo anawaitananso makasitomala mmodzimmodzi. Kuyambira pamenepo sindisuntha gawo pa desktop yopanda UPS kapena laputopu yakufa batire. Kufufuta ndi kukuza ndi ntchito ya masekondi. Kusuntha ndiye kumafuna magetsi odalirika, a sola kapena a inveta ngati alipo.

Mukatuluka mu GParted n'kuyatsa Windows, iyamba ndi kuunika disiki, manambala akuyenda pa sikirini. GParted imachita dala zimenezo. Musadine batani lililonse, isiyeni. Pa XP, ngati munafufuta gawo limene linali kumanzere kwa C, manambala a magawo amasintha ndipo mukhoza kulandira uthenga woti hal.dll ikusowa. Fayiloyo ilipo, chasochera ndi boot.ini, fayilo yolozera gawo limene muli Windows, yatsani ndi CD ya XP, lowani mu Recovery Console, lembani bootcfg /rebuild.

Mukafufuta gawo lolakwika

Imani pomwepo. Musapange gawo latsopano, musafomate, musakuze chilichonse. Delete Volume imangofufuta dzina mu kaundula, mafayilo amakhala adakali pamalo pake mpaka china chitalembedwa pamwamba. Pulogalamu yaulere ya TestDisk, imene imapezekanso mu GParted Live, imafufuza gawo lotayikalo n'kulibwezeretsa, ndipo kawirikawiri zimatheka ngati simunagwirepo china.

Ma hard disk awiri enieni

Awa saphatikizika ndi njira ya pamwambayi. Windows 7 Professional, Enterprise ndi Ultimate zili ndi New Spanned Volume, imene imamanga ma disiki awiri kuti aoneke ngati drive imodzi, itawasandutsa dynamic. C singalowe mu mgwirizano umenewu, ndipo disiki imodzi ikafa katundu wa pa onse awiri amapita. Pa ma disiki okalamba kale, ine sindingakulangizeni.

Njira yabwino ndi kuipachika disiki yachiwiriyo ngati foda. Pangani foda yopanda kanthu mu C, mwachitsanzo Katundu. Mu Disk Management dinani kumanja pa D, Change Drive Letter and Paths, Add, sankhani Mount in the following empty NTFS folder, n'kulozera foda ija. Tsopano chilichonse choponyedwa mu foda ya Katundu chikugwera pa disiki yachiwiri, ngakhale chikuoneka ngati chili mu C. Palibe chofufutidwa, ndipo zimagwira ngakhale pa XP. C yeniyeniyo sikula, koma mukalozera Downloads ndi Videos kumeneko imapuma.

Zotsalira

Ikaninso mapulogalamu munachotsa aja. Ma shortcut olozera ku D yakale afufuteni kapena muwalozere kwatsopano. Mwina mupeza kuti DVD drive yalanda chilembo D itayatsidwanso. Ngati mwapanga gawo latsopano ndipo mukufuna likhale D ngati kale, isintheni DVD kukhala E kudzera pa Change Drive Letter and Paths, chilembocho chimasuke. Izi n'zofunika ngati muli ndi ma playlist kapena mapulogalamu amene anazolowera kupeza zinthu ku D. Pa laputopu ya alamu anga ndinaiwala zimenezi, gawo latsopano n'kutenga F, ndipo madzulo omwewo foni inalira: nyimbo zonse za kwaya zikukana kuimba. Tinakonza pa foni pomwepo, iwo akudina ine ndikuwauza. Zimene zili pa fulashi ndinawauza kuti asafufute mpaka patatha sabata ziwiri, atatsegula foda iliyonse ndi maso awo.